Wodziwa Njira

Anabwera atatu, mwezi wa nkhungu,
galimoto itawakanira kumunsi kwa Charikot.
Patsogolo Dokotala Upreti, ndodo yachitsulo m'manja,
pakati Bikash wa makina,
kumbuyo kwenikweni Anjila, wophunzira,
atasenza zikwama za onse awiri.

Ine ndinali m'mwamba mwa mtengo,
chikwakwa m'manja, ndikusadzira mbuzi masamba.
"Tsika iwe, tikufuna wodziwa njira."
Sanati wodziwa nkhalango.
Anati njira.

Masiku makumi anayi ndinawatsogolera.
Tepi pa thunthu ndinkakulunga ndine,
iwo n'kumawerenga nambala.
Dokotala ankaitana mitengo m'Chilatini,
mitengo n'kungoti duu, osavomera.
Ine ndinkati uwu ndi chilaune, khungwa lake limayabwa,
uwu ndi utis, umagwira dothi likafuna kuthawa ndi mvula,
apa panali kasupe mayi anga ali namwali,
anauma chaka chimene paini wa boma anapitirira denga.
Analemba zimenezi ndi Anjila yekha,
ndi pensulo, m'mphepete mwa tsamba,
tizilembo tonga nyerere zothawa madzi.

Masana, pa sitolo ya tiyi,
iwo mkati, pa benchi.
Ine Sabitri Pariyar, wobadwira ku mtundu wa osoka ndi oimba ng'oma,
kapu yanga inkandipeza panja.
Ndikamwa nditsuke ndekha, ndiivundikire pa mwala.
Dokotala ankakweza foni m'mwamba,
ati akusaka netiweki.

Pepala lawo linafunsa: mutu wa banja ndani?
Amuna anga ali ku Qatar chaka chachisanu ndi chimodzi,
akuponda simenti, sadziwa ngakhale kuti mbuzi zilipo zingati.
Dzina lawo ndilo linalowa m'kabokosi.

Pa msonkhano wa komiti ya nkhalango
amuna pa mipando, ife kumapeto kwa mphasa,
pamene amavulira nsapato.
Anatiwerenga ndi chala ngati nkhuku zolowa m'khola:
khumi ndi mmodzi, amayi akwana.
Tinadinda zala pa pepala.
Nditakweza dzanja, inki isanaume n'komwe,
wapampando anayang'ana wotchi.

Panapita zaka ziwiri.
Anjila anabwera yekha, pa basi, ataonda,
kabuku konyezimira m'chikwama.
Pamwamba mayina asanu, amuna okhaokha,
awiri a iwo a kutsidya kwa nyanja,
amene msundu wa kuno sunawalawepo magazi.
Lake linali kumapeto, pa mathokozo,
ati anathandiza kutaipa.
"Nanga langa?"
Anatsatira mzere ndi chala, mawu akunjenjemera:
"Anthu a m'deralo."

Tsamba lakhumi ndi chinayi likuti
nkhalango ikutha ndi zikwakwa za amayi.
Za kasupe palibe.
Za malole amene amatsika usiku, nyali zozimitsa,
palibe.
Ndipamene ndinadziwa kumene unachokera waya waminga
umene wandiwonjezera maola atatu pa mtolo uliwonse.

Sindinalire. Wolira anali iye,
ine ndikupemerera moto.
Analowa m'nyumba mwanga osafunsa za mtundu,
namwa tiyi m'kapu yanga yobenthuka,
ndipo atafuna kuitsuka ndinamulanda.

Madzulo ndinamutengera pa kasupe wouma.
Tinakumba ndi manja pansi pa masamba a paini
mpaka chigongono: fumbi lokhalokha.
Anatulutsa kope lakale lija,
pensulo itayamba kufufutika,
nagwira cholembera cha inki.
"Ndiyambire pati?"
Ndinati yambira pa chaka cha paini.
Anati ayi, dzina kaye, mutchule pang'onopang'ono.

Ndinatchula kawiri.
Kumusi mbuzi zinali zitayamba kale kulira,
ndipo chikwakwa ndinali nditachisiya pa khomo.